Masamba pa Ndowa ya Alamu

Chaka chimene kolera inavuta dziko lonse ndinali Fomu 3. Ndinali ndi kope la chikuto chofiira limene ndinkalembamo zochitika za tsiku lililonse, ndipo ndikadali nalo. Pa tsamba loyamba ndinalembapo mfundo zanga zitatu, n'kuzidula mzere kunsi ndi rula: kunena zoona, kuthandiza anthu, kudzakhala namwino. Yachitatuyo si mfundo kwenikweni, koma nthawi imeneyo ndinkaona ngati zonsezi ndi chinthu chimodzi.

Kwathu ndi cha ku Nachisaka, m'mudzi wokhala pachitunda. Mjigo wathu unali utawonongeka chiyambire chilimwe, choncho mudzi wonse unkatsikira kudambo kukatunga pachitsime chosavindikira. Mvula ikagwa, madzi ake ankaoneka ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Wailesi inkanena za matendawa m'mawa ndi madzulo, koma ife tinkamva ngati ndi za anthu a m'tauni ndi a kumadera otentha. Tinayamba kutchera khutu pamene tinamva kuti kuchipatala chathu chaching'ono amanga tenti kuseri, ndipo olowamo saloledwa kuonedwa ndi abale.

Titangotsekera sukulu mu Disembala, kunabwera amayi azaumoyo pa njinga yawo yakapalasa, atamangirira chigubu cha kolorini kumbuyo. Anasonkhanitsa anthu pabwalo n'kunena kuti akufuna munthu mmodzi wolawira, woti azikhala pachitsime ndi kuthira mankhwala mu ndowa iliyonse isanakwere kumudzi. Ndinakweza mkono asanamalize n'kuyankhula komwe.

Ntchito yake sinali yovuta. Ankandisiyira botolo la mankhwala osungunula kale. Munthu akatunga, ankaika ndowa patsogolo panga, ine n'kuthira kachivindikiro kamodzi, kuvundula, n'kumukumbutsa kuti adikire theka la ola asanamwe. Zikatha izi, mwini ndowa ankathyola timasamba ta gwafa pamtengo wa pambali n'kuyala pamwamba pa madzi kuti asakhavukire pokwera chitunda. Ndi mmene amayi akwathu amachitira kuyambira kale. Dongosolo linali lomwelo: kutunga, mankhwala, kenako masamba.

Tsiku loyamba ndinalemba m'kope muja kuti, "Lero ndayamba kutumikira dziko langa." Ndikawerenga mawu amenewa tsopano ndimafuna kubisa nkhope.

Amayi a m'mudzi sanachedwe kundipatsa dzina.

"Adokotala afika kale. Mwagona pompano, adokotala?"

"Thiraniko pang'ono lero. Dzulo bambo akunyumba anakana tiyi, akuti akununkha ngati kuwodi."

"Ngati akukana tiyi, shugayo mubwere naye kuno," wina ankayankha, onse n'kuseka.

Ine ndinkaseka nawo, kenako n'kuwafotokozera za tizilombo tosaoneka ndi maso, ndi mawu omwe aja a m'buku la sayansi. Ankandimvera monga mmene anthu amamvera mwana wolakatula ndakatulo pa tsiku lotsekera sukulu.

Koma panali nkhani ina imene sinkanenedwa mokweza. Inkayenda m'makutu, m'minda ndi kuchigayo: akuti mankhwala aja amaumitsa chiberekero, ndipo woyembekezera akamwa, mimba imachoka. Ine ndinaimva, ndinaiseka, ndipo ndinalemba m'kope kuti umbuli ndi matenda oposa kolera.

Achimwene anga aakulu anakwatira mkazi wa ku mapiri a ku Ntchisi, ndipo anamutenga chitengwa, kubwera naye kwathu. Alamu angawa anali atakhala nafe zaka ziwiri. Ndi amene ankandiluka tsitsi, ndi amenenso ankanditchinjiriza kwa amayi ndikachedwa kusukulu. Mimba yawo yoyamba inapita padera. Palibe amene anawanena poyera, koma mtengwa wopanda mwana amamva ngakhale zimene sizinanenedwe.

M'mawa wina anatsika mochedwa, anthu atachepa. Anatunga, koma ndowa sanaibweretse patsogolo panga. Anaiika chapatali n'kukhala pamwala.

"Alamu, bweretsani kuno," ndinatero.

"Yanga ino isiyeni."

"Nanunso mwayamba kumvera zam'maluwa?"

Anangokonza mfundo ya chitenje chawo, dzanja n'kutsalira pamenepo. Pomwepo ndinakumbukira kuti kwa masabata angapo ankathawa fungo la usipa, ndiponso kuti ndinawapeza kawiri akudya mango osapsa ndi mchere kuseri kwa nkhokwe. Kwathu mimba sainena isanaoneke yokha, ndipo mtsikana wosakwatiwa sauzidwa n'komwe. Iwo sanandiuze. Ine sindinafunse. Koma tonse tinadziwa kuti ndadziwa.

"Mankhwalawa alibe vuto," ndinatero motsitsa mawu. "Ngakhale pa wailesi anena."

"A pa wailesiwo anayamba atengapo pakati?"

"Amayi azaumoyo nawonso anati..."

"Alamu, ina ija inapita ndisanaione nkhope. Iyinso ikapita, ndiziona njira ya ku Ntchisi."

"Amayi sangakuthamangitseni."

"Ndi pakamwa sangatero."

Tili mkati moyankhula, amayi awiri anatulukira panjira ndi ndowa zawo. Ndinaona kuti ndikakana kuthira poyera, afunsa chifukwa, ndipo chinsinsi cha alamu chifika kumudzi iwo asanafike. Ndikathira, alamu ataya madziwo n'kundiona ngati mdani wa mwana wawo. Ndinali ndi njira yachitatu, yowauza kuti tikaonane ndi amayi azaumoyo mwakachetechete, koma sindinaiganize, kapena sindinafune kuiganiza. Ndinanyamuka, kupita pa ndowa yawo, kutseka kukamwa kwa botolo ndi chala chachikulu, n'kulipendeketsa. M'kachivindikiro simunagwe kanthu. Ndinakaviika m'madzi kali kopanda kanthu, kuvundula bwinobwino, n'kunena mokweza kuti, "Mudikire theka la ola."

Alamu anandiyang'ana ndi maso othokoza. Maso amenewo ndi amene anandigula.

Mawa lake anabweretsa ndowa atayala kale masamba a gwafa pamwamba, ndisanathire. Ndinamva tanthauzo lake. Ndinakankhira masamba pambali, chala pabotolo, kuviika, kuvundula. Palibe amene anazindikira, chifukwa ndani amayang'ana nthawi imene mnzake wathyolera masamba?

Patapita masiku anayi, mayi wina wa kumtunda kwa mudzi anaika ndowa patsogolo panga, masamba ali kale pamwamba. Anayang'ana kumbali ngati akuwerenga mbuzi za kutsidya. Ndinadziwa kuti alamu amuuza. Chala chinapita chokha pabotolo. Pofika chaka chatsopano, ndowa zobwera ndi masamba zinali zinayi.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimene chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Sindinkavutika mumtima masiku amenewo. Ndinkanyada. Ndinkadziwa zinsinsi za nyumba zinayi zimene ngakhale apongozi awo sankazidziwa. Amayi akuluakulu ankandipatsa moni wa ulemu panjira. Mmodzi ananditumizira chinangwa chophika. Ndinkadziona ngati ndalowa m'gulu la akuluakulu, ndipo ndinkadziuza kuti uku ndiye kuthandiza anthu, kuwamvetsa. Madzulo aliwonse ndinkatsegula kope n'kulemba kuti, "Ndathira ndowa zonse. Palibe yotsala." Kope limenelo palibe wina ankaliwerenga. Ndinkanamiza ndani?

Amayi azaumoyo ankabwera kawiri pa sabata kudzadzaza botolo. Tsiku lina ananunkhiza ndowa ziwiri, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Midzi yonse ikanakhala ndi mwana ngati uyu, bwenzi ndikugona tulo," anauza amayi anga.

Amayi anafotokoza mawu amenewa kwa aliyense amene anabwera pakhomo sabata imeneyo.

Mu Januwale mvula inagwa masiku atatu osalekeza. Madzi ochokera kumudzi ankatsika ndi njira yathu yomwe ija, kudutsa kuseri kwa nyumba ndi zimbudzi, mpaka kudambo. Tsiku lachinayi kunacha bwino, koma alamu sanatsike kuchitsime. Nditakwera kumudzi dzuwa litakwera pang'ono, ndinapeza amayi ali pakhomo pa achimwene, akuitana ndi dzanja.

Alamu anali atagona pamphasa. Chiyambire m'bandakucha anali atapita kuchimbudzi kosawerengeka, ndipo tsopano analibenso mphamvu zodzukira. Maso anali atalowa m'kati. Zimene ankasanza zinali ngati madzi otsukira mpunga, monga mmene chithunzi cha kusukulu chinkanenera.

"Thamanga, sungunula shuga ndi mchere," amayi anandiuza. "Wina akaitane achimwene ako ku fodya."

Ndowa ya alamu inali pomwepo pakhonde, madzi a dzulo ali theka, masamba a gwafa akuyandama. Ndinaima ndi kapu m'manja. Kenako ndinaidutsa n'kuthamangira kunyumba kwathu kukatunga mu ndowa yathu.

"Ukusiya madzi apafupi bwanji?" amayi anafunsa nditabwerera.

Ndinangoyamba kusungunula shuga ndi mchere uja. Ndi nthawi imeneyo pamene ndinaganiza koyamba kuti achimwene nawonso akhala akumwa madzi omwewo masabata onsewa, osadziwa kanthu.

Achimwene anabwera ndi njinga yamoto ya kabaza. Anawakhazika alamu pakati, n'kuwamangirira ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa, iwo n'kukhala kumbuyo atawagwira. Mutu wa alamu unkagwera uku ndi uku pamene ankatsika ndi msewu wamatope.

Masana amayi azaumoyo anafika kudzapopera mankhwala m'nyumba ndi kuchimbudzi. Atamaliza anakhala pakhonde ndi kufunsa mafunso. Wodwala anadya chiyani? Anapita kumaliro? Anapita kumsika?

"Nanga madzi akumwa, ndowa yawo inkathiridwa?"

"Ingalephere bwanji?" amayi anayankha ine ndisanatsegule pakamwa. "Wothirayo ndi mlamu wake."

Amayi azaumoyo anandiyang'ana. Ine ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Ndiye kuti si chitsime," anatero. "Mwati Loweruka anapita kumsika? Ndikaone amayi a zitumbuwa aja."

Anakwera njinga yawo. Ndinawayang'ana mpaka anakhota pa mtengo wa bulugama. Ndikanatha kuwathamangira, njinga yake inkayenda pang'onopang'ono m'matope. Ndinaima pomwepo. Tsiku limenelo m'kope sindinalembemo chilichonse, ndipo tsambalo lili choncho mpaka lero.

M'mawa mwake ndinatsikanso kuchitsime ndi botolo langa. Mayi wa kumtunda uja anabwera ndi ndowa yake, masamba ali kale pamwamba. Ndinachita zomwe zija. Chala pabotolo, kuviika, kuvundula. Mlamu wanga ali mu tenti, ine ndinachitanso zomwe zija.

Ataika nkhata pamutu n'kusenza, anandifunsa chapansipansi, "Alamu anu agona bwanji?"

"Tsitsani ndowayo," ndinatero.

Ndinachotsa masamba onse n'kuwataya pansi, ndipo ndinathira kachivindikiro kodzaza iye akuona.

"Mwana iwe," anatero osakweza mawu, "ukufuna undiphere?"

Anapendeketsa ndowa n'kutaya madzi onse pa udzu. Kenako anainyamula n'kulowera kumunsi, kukatunga kukamtsinje kumene timachapira. Madzi a kumeneko ndi oipa kuposa a pachitsime. Ndinaona kuti chimene ndinaphwanya sindingachikonze ndekha ndi kachivindikiro.

Ndinadikira mpaka wotunga womaliza atakwera, n'kuuyamba ulendo wa kuchipatala wapansi. Ndinawapeza amayi azaumoyo akusungunula mankhwala m'zidebe panja. Tenti inali chapatali, itazunguliridwa ndi chingwe. Sindinayang'aneko kawiri.

"Botolo latha kale?" anafunsa.

"Ayi. Ndinanama dzulo."

Ndinawafotokozera zonse: chala, masamba, ndi za mayi wopita kukamtsinje. Sanandidule mawu. Anapitiriza kuvundula chidebe chawo mpaka nditamaliza.

"Ndowa zingati?"

"Zinayi."

"Za ndani?"

Kutchula mayina kunali kuulula mimba za eni ake.

"Sindikufunsa za mimba zawo," anatero. "Ndikufunsa za ndowa zawo."

Ndinawatchula.

"Dzulo ndinakabalalitsa amayi a zitumbuwa pamsika. Ena anataya mabeseni athunthu. Ndinatero chifukwa iwe unagwedeza mutu." Anapukuta manja pa chitenje. "Ukanandiuza tsiku loyamba, ndikanakhala nawo pansi alamu akowo. Ine ndabereka ana atatu ndikumwa madzi a mankhwala omwewa. Unkaganiza kuti nkhani ya mantha a mimba ndikanaimva koyamba kwa iwe?"

"Ndinkafuna kuwasungira chinsinsi."

"Unawasungira. Bweretsa botolo."

Ndinawapatsa. Ndinafunsa ngati alamu achira.

"Ali pa dilipi. Akuyankhula. Zinazo si za iwe."

Madzulo a tsiku lomwelo anabwera kumudzi. Sanapite ku nyumba zinayi zija zokha. Analowa khomo ndi khomo, mudzi wonse, kuthira mankhwala mu ndowa iliyonse ndi kukhala pansi ndi mayi wa pakhomopo, kuti pasaoneke kumene akulunjika. Pa nyumba zina anachedwa kuposa zina, koma ndi ine ndekha amene ndinkadziwa chifukwa. Botolo analipereka kwa mayi wina wa ana anayi amene mimba yake inali yaikulu kale, yoti aliyense ankaiona, ndipo anali atamwa madzi a mankhwala chiyambire tsiku loyamba. Mayiyo ankati akathira, amatunga kapu mu ndowa yake n'kumwa anthu akuona, n'kusisita pamimba. "Uyu ndiye akukankha ngati wosewera mpira," ankatero. Ndowa za masamba zinatha pasanathe sabata. Mwa amayi atatu ena aja palibe anadwala.

Anthu atafunsa chifukwa chake adokotala achotsedwa ntchito, amayi azaumoyo anangoti sukulu yayandikira kutsegulira. Anandiphimba. Zimenezi zinandiwawa kuposa akanandinyoza pabwalo.

Alamu anabwerako patapita masiku asanu, ataonda, akuyenda mogwira khoma. Mimba inali itapita padera ali kuchipatala. Palibe anandiuza. Ndinangoona achimwene akuyankhula ndi amayi kuseri kwa nyumba, amayi n'kukhala pansi pa dothi lonyowa osayala kanthu. Zoterezi kwathu sizilira maliro. Amayi achikulire awiri anabwera, analowa m'nyumba, anakhalamo kanthawi, n'kumapita.

Ndinawauza amayi ndi achimwene tsiku lotsatira, tikupalira chimanga. Ndinasankha kumunda kuti ndisawayang'ane kumaso. Achimwene anaimika khasu, kundiyang'ana nthawi yaitali, n'kusamukira mzere wakutali. Sanandiyankhule mpaka fodya atayamba kuthyoledwa. Amayi anangoti, "Sukulu yonse ija." Anapitiriza kupalira. Patapita nthawi anawonjezera, osatembenuka, "Ndipo mwana wa eni akeyo ankaopa ine?" Funso limenelo sanafunse ine.

Kwa alamu ndinapita komaliza. Ndinawapeza atakhala padzuwa pakhonde, akusankha nyemba m'lichero. Ndinakhala pansi n'kuyamba kusankha nawo.

"Alamu, ndinalakwa."

"Ndinakupemphani ndine."

"Koma ine ndinkadziwa kuti mankhwala alibe vuto. Ndinkadziwanso za madzi aja."

Anatola kamwala m'nyemba n'kukaponya pabwalo.

"Ee," anatero. "Munkadziwa."

Sanandithamangitse. Tinasankha nyemba mpaka zinatha.

Namwino wina amene ndinamufunsa patapita miyezi anandiuza kuti palibe angatsimikize kumene munthu watengera kolera, mwina kunalidi kumsika. Ndinayesa kuwagwira mawu amenewo kuti andipepuze, koma sakhala m'manja. Chimene ndikudziwa ndi chimene chala changa chinachita.

Atapeza mphamvu, alamu anayambanso kutsika kuchitsime. Ine ndinali nditabwerera pamzere ngati wotunga wina aliyense, ndisanapite kusukulu. Tsiku loyamba anali patsogolo panga. Anatunga, anaika ndowa patsogolo pa mayi woyembekezera uja, mankhwala anathiridwa. Kenako anasenza osathyola tsamba ndi limodzi lomwe. Pokwera chitunda madzi ankakhavukira, kutsikira kumaso ndi m'khosi mpaka bulauzi yonse inanyowa.

"Mtengwa, masamba mwaiwala," mayi wina anawakumbutsa.

"Sindinaiwale," anayankha.

Ine ndinali pambuyo pawo ndi ndowa yanga, ndikuponda m'madontho awo njira yonse.

Kope lija sindinang'ambemo tsamba. Ndinatenga cholembera chofiira n'kubwerera pa tsiku lililonse limene ndinalemba kuti palibe yotsala, ndipo pansi pake ndinalemba zoona: yotsala imodzi, zotsala ziwiri, zotsala zinayi. Mfundo zitatu za pa tsamba loyamba ndinazisiya mmene zinalili. Ndikufunabe kudzakhala namwino. Kale ndinkaganiza kuti chovuta pa ntchitoyo ndi magazi ndi mayeso. Tsopano ndikuganiza kuti ndi nthawi imene munthu amene umamukonda akukuyang'ana ndi maso opempha.

Alamu sanabwerere ku Ntchisi. Amayi ndi amene anapita okha kukawauza kuti pakhomo pano ndi pawo, kaya mwana alipo kaya palibe. Mjigo unakonzedwa mvula itatha, ndipo kudambo timangopitako kukachapa.

Mwezi wathawu ndinaona kuti alamu ayambanso kutuluka m'khitchini usipa ukakhala pamoto. Sanandiuze kanthu, ndipo sindinafunse. Ndimangolawira ndi ndowa ziwiri, yathu ndi yawo. Ndikafika nayo pakhomo pawo ndimathira mankhwala ogula kugolosale iwo akuona, ndipo amayang'ana kachivindikiro mpaka kadzaze.